Wee Heavy, mowa waukali wa ku Scotland: tiyambe ndi botolo liti, nanga kufulula kwake nkotani?

Kambalame: Akuluakulu pagulu pano, tithandizane. M'mashopu a ku Edinburgh muli mabotolo olembedwa Wee Heavy, ena Scotch Ale, ena angolemba 80/- kapena 90/- basi. Munthu amene anazolowera lager yozizira ngati Green ayambire pati? Nanga timanambala tokhala ndi kamzere ito tikutanthauza chiyani?

Wapaleith: Achimwene, yambani ndi manambalawo chifukwa ndi pamene ambiri amasokera. Kachizindikiro ako ndi ka masheleni, ndalama zakale. M'zaka za m'ma 1800 ofulula a ku Scotland ankatchula mowa ndi mtengo wa mgolo wake waukulu, wa magaloni 54, pafupifupi malita 245. Mowa ukakhala waukali, mtengo umakweranso. Masiku ano mtengowo ulibe ntchito, angotsala mayina. 60/- ndi wofooka, sufika 3.5%. 70/- uli cha pa 3.5% mpaka 4%. 80/- umayambira pa 4% kukwera pang'ono. 90/- ndiye amene mukufunayo, wodutsa 6%.

Chenjerani ndi mawu akuti heavy. Mukalowa m'bala ku Glasgow n'kuitanitsa "heavy", akupatsani 70/-, mowa wopepuka womwa anthu akaweruka kuntchito. Wee heavy ndi chinthu china. Wee ndi kunena kuti kakang'ono, chifukwa mowa waukaliwu unkagulitsidwa m'timabotolo ta gawo limodzi mwa magawo atatu a painti, mamililita 190 kapena kuchepera pang'ono. Dzinali linatchuka ndi mowa wa Fowler's wa ku Prestonpans.

Nachimera: Pa mabotolo, ndondomeko yanga ndi iyi. Choyamba Broughton Old Jock, 6.7%, chifukwa sakuopsezani. Kapena McEwan's Champion, 7.3%, amene amapezeka pafupifupi m'golosale iliyonse yaikulu ndipo mtengo wake ndi wabwino, ngakhale kuti kutsekemera kwake kumaposa muyezo kwa anthu ena. Mukatero pitani pa Belhaven Wee Heavy, 7.4%, wa ku Dunbar, fakitale yoyambira mu 1719. Pomalizira Skull Splitter wa ku Orkney, 8.5%. Ameneyu ndi wachinyengo: amatsika mofewa ngati madzi a zipatso zouma, ukali wake mumaudziwa poimirira.

Koma amene ndingati musamuphonye ndi Traquair House Ale, 7.2%. Amafululidwa panyumba yakale ya Traquair kufupi ndi Innerleithen, kumene Peter Maxwell Stuart anadzutsa mofululira mowa mu 1965 pogwiritsa ntchito zipangizo zakale zomwe anazipeza momwemo. Mpaka pano mowawo umawirira m'mitsuko ya matabwa a oak. Sutsekemera mosukitsa pakamwa ngati ena, uli ndi kakuuma kena pomalizira. Ali ndi wina wotchedwa Jacobite Ale, 8%, amathiramo njere za coriander, koma ameneyo mudzamwe mutadziwa kale kakomedwe ka woyambayo.

Tsabola: Old Jock kukhala woyamba ndikuvomera. Champion ayi. Munthu akayambira pamenepo aganiza kuti mtundu wonsewu ndi manyuchi a m'botolo.

Nachimera: Achemwali, ndi manyuchi mukamwa wofunda kwambiri kapena mukamwa botolo lonse la 500 ml nokha. Gawanani awiri muone.

Mfuluzi: Musanakangane za mabotolo, nenani za kazizidwe, chifukwa ndi pamene mowawu umaferapo. Lager timaimwa pa madigiri 3 kapena 4, botolo likutuluka thukuta. Wee heavy mukatero mwataya ndalama. Kuzizira kumatseka fungo, lilime limangomva kutsekemera kopanda mutu ndi kaukali kakumbuyo. Mowawu umafuna madigiri 10 mpaka 13. Utulutseni mufiriji, uimike patebulo mphindi 20 kapena 30, kenako thirani. Musamwere m'botolo. Tengani tambula yotupa pamimba, yopanikiza kukamwa. Ya vinyo imagwira ntchito bwino lomwe ngati mulibe ija yooneka ngati duwa la thistle. Thirani theka lokha kuti fungo lipeze pokhala.

Muuyang'ane pa kuwala: uyenera kuoneka wofiirira ngati tiyi asanathiremo mkaka, m'mphepete mukuwala mofiira, osati wakuda bii ngati stout. Thovu lake ndi lochepa, lotuwirako, ndipo silikhalitsa, musadabwe. Mukapukusa tambula muona timizere tikutsetsereka m'mbali. Pa mphuno: tofi, shuga wopserera pang'ono, mphesa zouma, buledi wa m'mphepete mwa chiwaya. Fungo la hops, maluwa ouma amene amawawitsa mowa, lisamveke konse. Kuwawa kulipo, koma ntchito yake ndi kungogwira kutsekemerako kuti kusathawe.

Kambalame: Ndiye kafungo ka utsi aka? Ena akuti Scotch ale weniweni amanunkhira utsi ngati whisky.

Wapaleith: Limenelo ndi bodza lofala kwambiri pa mowawu. Utsi wa mu whisky wa ku Islay umachokera ku peat, dothi lakuda la m'madambo limene amaliumitsa n'kusonkhera moto poumitsa chimera. Ofulula mowa a ku Edinburgh ndi ku Alloa sankagwiritsa ntchito chimera chotere. Mizinda imeneyo yazunguliridwa ndi migodi ya malasha, ndipo ankafuna chimera choyera chopanda utsi. Nkhani ya peat inabwera ndi ofulula a kunja, makamaka ku America, amene anaganiza kuti chilichonse cha ku Scotland chiyenera kununkha ngati whisky. Ku France kulinso Adelscott wopangidwa ndi chimera cha whisky, koma ameneyo ndi wa ku Alsace. Malamulo a oweruza mowa a BJCP amanena momveka kuti chimera cha peat si cha mtundu uwu.

Tsabola: Komabe ena mwa a ku America ndi okoma, tisawanyoze. Old Chub wa Oskar Blues, 8%, ndi Dirty Bastard wa Founders, 8.5%. Ali ndi thupi lalikulu ndipo Dirty Bastard ndi wowawa kuposa a ku Scotland. Ndipo musaiwale Belgium, kumene mtundu uwu unakhazikika kalekale: Gordon Scotch ndi Scotch de Silly. A ku Belgium amakhala ndi mpweya wambiri ndipo yisiti yawo imamveka. Munthu akafuna kuphunzira msanga, aike atatu patebulo, wa ku Scotland, wa ku America ndi wa ku Belgium, mamililita 100 aliyense, madzi pambali.

Mlonda wa gulu: Ndilowererepo pang'ono pa za kuchuluka, poti mabotolo akuchuluka apa. Ku Britain amawerenga mowa ndi mayuniti: malita kuchulukitsa ndi peresenti. Botolo la 500 ml la 7.3% ndi mayuniti 3.65. Malangizo a zaumoyo amati munthu asadutse 14 pa sabata, ndiye mabotolo anayi okha mwadutsa kale. Amene muli ku Scotland kumbukiraninso kuti malire a oyendetsa galimoto ndi 50 mg pa 100 ml ya magazi kuyambira December 2014, otsika kuposa 80 wa ku England. Botolo limodzi lotere likhoza kukudutsitsani malire, choncho makiyi asiyeni. Ndipo mashopu sagulitsa mowa isanakwane 10 koloko m'mawa kapena itadutsa 10 koloko usiku. Pitirizani.

Nachimera: Zikomo akulu. Pa zakudya: tchizi chakupsa ngati cheddar yokhalitsa kapena chija cha mizere yabuluu, nyama yowotcha, haggis (chakudya cha ku Scotland cha zam'kati mwa nkhosa). Zakwathu zimene zimagwirizana nawo ndi kanyenya wa mbuzi wa mchere wokha, mtedza wokazinga, ndi mbatata yootcha pamakala, chifukwa kupserera kwa khungu la mbatata kumakumana ndi tofi wa mumowa. Chimene musayese ndi kambuzi. Mowa waukali umakuza moto wa tsabola, pakamwa pamangoyaka, simumvanso chimera.

Gulewamowa: Ine funso langa ndi la amene tili kutali, ku Lilongwe kapena ku Johannesburg, kumene mabotolowa ndi osowa. Kodi n'zotheka kufulula pakhomo? Tipatseni miyezo yeniyeni, osati "pang'ono" ndi "kwambiri".

Mfuluzi: N'zotheka, bwana, ndipo zosakaniza zake ndi zochepa kuposa za mowa wina uliwonse waukali. Chovuta ndi kutentha ndi yisiti. Nayi miyezo ya malita 20, tikufuna hydrometer, kachipangizo koyezera shuga wa m'madzi a chimera, iwerenge 1.085 poyamba ndi cha pa 1.022 pomaliza. Kusiyana kwake, 0.063, kuchulukitsa ndi 131.25, kukupatsani 8.3%.

Chimera choyera cha balere makilo 8.5. Golden Promise ndiye balere wa ku Scotland amene ambiri amakonda, koma Maris Otter kapena pale malt iliyonse yabwino ikwana. Crystal malt, chimera chokazinga chotsekemera ngati tofi, magalamu 300. Balere wokazinga magalamu 150, wongopereka mtundu ndi kakuuma. Mukafika magalamu 400 mwayamba kupanga stout. Hops ndi East Kent Goldings magalamu 55 a 5% alpha (mphamvu yake yowawitsa), kuthira kamodzi kokha kutatsala mphindi 60 kuti muphule. Zimenezo zikupatsani kuwawa kwa pafupifupi 25 pa IBU, muyezo wa kuwawa kwa mowa. Musathirenso ena kumapeto.

Tenthetsani malita 24 a madzi kufika madigiri 76, thiranimo chimera chogaya mukutakasa kuti pasakhale mibulu. Phalalo likhazikika pa 69. Vundikirani, kutirani ndi bulangeti, ola limodzi. Chifukwa chake 69 osati 65: pa kutentha kotere chimera chimapanga shuga wambiri amene yisiti singamudye, ndiye amatsala n'kupereka thupi. Pa 64 kapena 65 yisiti imadya pafupifupi zonse, mowa umatuluka woonda ndi woyaka pakhosi. Mukadutsa 72 mwapitirira, usiya kuwira uli pa 1.035, wonata ngati uchi.

Chimera chimamwa pafupifupi lita imodzi pa kilo, ndiye muyembekezere malita 15 okha pa kusefa koyamba. Tsukuluzani masese ndi madzi a madigiri 76 mpaka mumphika mufike malita 27 kapena 28, kenako wiritsani mphindi 90 mpaka 120 osavundikira, atsale 21. Musadabwe kuti chimera chochuluka chonchi chimapereka shuga wochepa pa kilo. Werengerani kuti mupeza 65% ya zimene chili nazo, osati 75% ngati pa mowa wopepuka.

Wapaleith: Ndipo masese amenewo musataye. Thiranimonso madzi otentha malita 10 kapena 12, musefe, muwiritse padera ndi hops pang'ono, mupeza kamowa ka 3% ndi kanthu. Ofulula akale a ku Scotland ankatulutsa mitundu ingapo kuchokera pa phala limodzi, kusiyana kwake kunali madzi. Mayina a masheleni aja ambiri anali ana a mphika umodzi.

Tsabola: Achimwene a Mfuluzi, mwadumpha chinthu chachikulu. Kupsereza madzi oyamba kuli kuti?

Mfuluzi: Ndadumpha dala, ndimadziwa kuti mubwera nazo. Fotokozani ndinu.

Tsabola: Madzi oyamba kutuluka m'chimera ndiwo otsekemera kwambiri. Patulani malita 4, muike mumphika wina wokhuthala pansi, muwiritse pa moto waukulu mpaka itsale lita imodzi kapena kuchepera. Zimatenga mphindi 45 mpaka ola. Poyamba palibe choopsa. Koma akayamba kulimba, thovu limasintha: timathovu ting'onoting'ono toyera timasanduka mathovu aakulu abulauni ophulika mochedwa, ndipo mthiko ukadutsa pansi umasiya kanjira kamene kamachedwa kutsekeka. Pamenepo chepetsani moto, musasiye kutakasa, musayankhe foni. Kuchoka pa tofi kufika pa makala ndi mphindi ziwiri zokha, ndipo fungo lakupserera silichoka, limalowa m'malita onse 20. Zikafika, tungani madzi otentha a mumphika waukulu, musungunulire manyuchiwo pang'onopang'ono chifukwa amathovoka mwaukali, kenako bwezerani zonse mumphika waukulu. Mukachita izi mukhoza kuchotsa crystal malt yonse.

Wapaleith: Kukoma kumakoma, sindikana. Koma tisamanene kuti ndi mwambo wa ku Scotland. Ron Pattinson, amene wafufuza mabuku akale a m'mafakitale a mowa a kumeneko, anaonetsa kuti ambiri sankawiritsa nthawi yaitali, ndipo mtundu wakudawo nthawi zambiri unkachokera ku caramel wothira. Anaonetsanso kuti nkhani yoti a ku Scotland ankaumira hops si yoona kwa mowa wonse. Edinburgh inkafulula pale ale yambiri yotumiza kunja. Kupsereza madzi oyamba ndi luso la ofulula pakhomo a masiku ano.

Tsabola: Chabwino, si mwambo. Koma m'tambula mwanga simulowa mbiri, mumalowa mowa.

Nachimera: Kkkk. Chenjezo limodzi pa njira ya achemwaliyi: tofi wake nthawi zina amafanana ndi diacetyl, fungo lija la batala limene ndi chilema cha kuwira. Kusiyanitsa kwake, diacetyl imasiya kuterera pa lilime ngati mwanyambita mafuta, tofi sasiya.

Mfuluzi: Tsopano yisiti, pamene pagona nkhani. Yamadzi ndi Wyeast 1728 kapena White Labs WLP028, koma kuti ifike ku Lilongwe ili moyo ndi mwayi. Youma ndiyo yodalirika paulendo: Nottingham ya Lallemand imapirira kuzizira ndi ukali, koma imadya kwambiri, choncho phala lanu likhale pa 70. SafAle S-04 imasiya thupi koma imatulutsa fungo la zipatso ikangofunda. Paketi imodzi ndi ya mowa wa 1.050. Pa 1.085 thirani awiri, atatu ngati akhalitsa. Yisiti ya buledi iwalani.

Ziziritsani madziwo kufika madigiri 15 kapena 16 musanathire yisiti, osati kuthira pa 25 n'kumati uzizira usiku. Khutchumulani chigubu mwamphamvu mphindi zisanu kuti mulowe mpweya. Yisiti imaufuna poyamba pokha kuti iswane. Masiku anayi kapena asanu oyamba gwirani kutentha pa 15 mpaka 17. Dziwani kuti mowa ukamawira umadzitenthetsa wokha, mkati mwa chigubu mumaposa chipinda ndi madigiri 2 mpaka 4. Mukaulekerera kufika 24, yisiti imapanga mitundu ina ya ukali yonunkha ngati mankhwala ochotsera utoto wa zikhadabo, yoyaka pakhosi, ya matsire oopsa. Imeneyo ngakhale musunge chaka sichoka yonse. Kuwira kukayamba kuzilala, kwezani kufika 19 kapena 20 kwa masiku anayi kuti yisiti imalize ndi kudya diacetyl ija. Chigubu chikhale masabata atatu chonse.

Gulewamowa: Madigiri 16 ku Lilongwe? Mu October?

Mfuluzi: Mu October musayese n'komwe pokhapokha muli ndi firiji yakale yolumikiza ku kachipangizo koyatsa ndi kuzimitsa malinga ndi kutentha. Fululani mu June kapena July. Ku Dedza, ku Mzuzu ndi ku Johannesburg nyengo imeneyo chipinda cha simenti chosalowa dzuwa chimakwana chokha. Kwina ikani chigubu m'bafa la madzi ofika pakati pake, muponyemo mabotolo awiri a malita 2 a madzi oundana, kusintha m'mawa ndi madzulo, pamwamba thaulo lonyowa. Madzi ochulukawo amasunga kuzizira ngakhale magetsi azime maola angapo. Thermometer imatidwe pa chigubu penipeni, yophimbidwa ndi kansalu, osati yolendewera m'mwamba.

Palinso za kukwera kwa malo. Ku Johannesburg madzi amawira cha pa madigiri 94, ku Lilongwe cha pa 96 ndi theka. Hops amatulutsa kuwawa kochepa pa kutentha kotsika, ndiye onjezani magalamu 5 mpaka 10.

Tsabola: Amene ali ku Salima kapena ku Chikwawa, njira ina ndi yisiti ya kveik, mtundu wa ku Norway, yotchedwa Lutra, imene imawira bwino ngakhale pa 30 popanda fungo loipa lija. Si kakomedwe ka Edinburgh ndendende, ndipo imauma, ndiye phala pa 70 ndi crystal yofika magalamu 500. Bola kusiyana ndi S-04 yowirira pa 28.

Nachimera: Pothira m'mabotolo ndi pamene anthu amavulala, ndikunena kuvulala kwenikweni, magalasi. Mowa wotsala ndi shuga wambiri chonchi umanyenga: thovu lasiya, mukuganiza watha, pamene yisiti yangogona. Yezani ndi hydrometer katatu, masiku awiri pakati. Nambala ikhale yosasuntha. Ikaima pa 1.035, musathire, pukusani chigubu mofatsa kudzutsa yisiti, kwezani kutentha kufika 21, dikirani sabata. Refractometer, ija yoyezera shuga ndi dontho limodzi, musaidalire mowa ukayamba kuwira, ukali umaisokoneza, imawerenga pamwamba.

Shuga wa mpweya: magalamu 85 a shuga wamba pa malita 20, kusungunula m'madzi owira mamililita 250, kuziziritsa, kusakaniza mofatsa popanda kukhavula. Ndi wochepa kuposa wa lager, dala. Mabotolo abulauni okhuthala, aang'ono, a 330 ml. Masabata atatu kapena anayi pa madigiri 20, kenako kumalo ozizira ndi amdima, oimika. Ngati mowa unakhala m'chigubu kuposa miyezi iwiri, onjezani magalamu 2 a yisiti youma yatsopano pothira, apo ayi mupeza mowa wopanda mpweya.

Kambalame: Nanga kusunga? Ogula m'shopu nawonso tingasunge kuti ukome?

Wapaleith: Wofulula pakhomo pa mwezi umodzi umakhala waukali wosalongosoka, pa miyezi itatu umayamba kugwirana, pa isanu ndi umodzi ndiye wafika. Wa m'shopu wafika kale tsiku limene mwaugula. Wa 8% kupita m'mwamba mukhoza kuusunga chaka kapena ziwiri pa madigiri 10 mpaka 15, mumdima. Mpweya wolowa pang'onopang'ono umabweretsa kafungo ka sherry ndi zipatso zouma, kamene ena amakakonda. Ukapitirira umanunkha katoni yonyowa, pena msuzi wa soya, ndipo pamenepo palibe kubweza. Botolo la 6.7% musalisunge, imwani. Ndipo pamwamba pa firiji kapena m'kabati ya pafupi ndi chitofu si posungira mowa. Kutentha kumafulumizitsa kukalamba kuwirikiza kangapo.

Njira yabwino yodziwira ndi kugula mabotolo atatu a tsiku limodzi, kumwa limodzi lero, lina pakatha miyezi isanu ndi umodzi, lina pakatha chaka, mukulemba zimene mwamva papepala lomata pa botolo lotsatira.

Gulewamowa: Funso lomaliza kwa a Mfuluzi. Makilo 9 a chimera ndi malita 24 a madzi salowa mumphika wanga wa malita 30.

Mfuluzi: Salowadi bwino, chimera chokha chimatenga malo a malita 6, ndiye mufika pakamwa penipeni opanda potakasira. Gawani pakati, mufulule malita 10: chimera choyera makilo 4.25, crystal 150, wokazinga 75, hops 28, madzi a phala malita 12, yisiti paketi imodzi ndi theka, shuga wa m'mabotolo magalamu 43. Koma madzi ouluka powiritsa sagawika pakati, mphika womwewo umataya malita omwewo pa ola, ndiye yambani ndi malita pafupifupi 17 kuti atsale 10 ndi theka. Yezani kaye mphika wanu ndi madzi wamba kwa ola limodzi mudziwe umataya angati.